Munyai Anadumpha Khomo la Malume

Nkhaniyi inawapeza a Yoswa ali pamzere wa ufa, ndipo pamzere wa ufa si malo omvera nkhani yopweteka. Linali Lachinayi, m'chaka cha 2008. Ku Amaveni, komboni ya m'dziko la Ashona, masitolo anali mashelefu okhaokha, magetsi ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo munthu ankaima pamzere kuyambira m'mawa osadziwa ngati ufawo ufika n'komwe. A Yoswa anali ataima maola anayi, njala ikupotokola m'mimba, pamene a Redson, mnzawo wakale wa ku ng'anjo ya zitsulo, anawakodola.

"Ndiye zabwinotu izi, achimwene. Loweruka tikumana kwa a Frazer?"

"Kukatani kwa Frazer?"

"Aa, mukundiyesa? Munyai wa kwa Arnold anapita kale kumeneko kukapempha Glory. Loweruka akubwera ndi akuluakulu a kwawo kwa mnyamatayo, ku Shurugwi. Komboni yonse ikudziwa."

Komboni yonse inkadziwadi, kupatula a Yoswa.

Kuti mumvetse chimene chinawawa, muyenera kudziwa kuti Glory anali mwana wa mlongo wawo, malemu Rosemary. Bambo ake, a Frazer, anachoka mwanayo akadali wa pulayimale n'kukakwatira kwina, tsidya lina la komboni yomweyo. Rosemary atamwalira, a Yoswa ndi akazi awo, mayi Rumbidzai, ndi amene anamutenga, kumudyetsa ndi kumuphunzitsa mpaka Fomu 4. Komanso mwambo umene makolo awo anabwera nawo kuchokera ku Dedza ndi wosabisika: mwini mbumba ndi malume, ndipo wofuna mkazi amagogoda kwa malume. Tsono munyai, amene ndi mkhalapakati wotumidwa ndi banja la mwamuna kwa Ashona, anali atadumpha khomo lawo n'kukagogoda kwa munthu amene sanagulepo ngakhale pensulo imodzi.

A Yoswa anachoka pamzere osatsanzika, malo a maola anayi n'kuwasiyira ena. M'njira monse mutu unkawauza nkhani, ndipo iwo ankaivomereza yonse. "Andiona kuti ntchito inatha. Akuti mubwidi wopanda ntchito angatiuze chiyani." Mabwidi ndilo dzina lachipongwe limene ena ankaitanira anthu ochokera ku Malawi, ndipo ngakhale palibe amene analitchula tsiku limenelo, a Yoswa ankalimva m'makutu ngati kuti wina wawakuwira pamsika. Pofika pakhomo n'kuti maso ali psuu.

Choyamba kulandira mkwiyowo chinali chidebe cha madzi. Mayi Rumbidzai anali atachisenza kuchokera kumjigo, poti mpopi unali utauma sabata yachitatu. A Yoswa anachimenya theche, madzi onse n'kumwera m'dothi.

"Maiwe! Bambo a Fortune, chalakwa n'chiyani chidebe?"

"Glory ali kuti? Glory! Tuluka!"

Glory anatuluka ali ndi nsalu imene ankasoka, singano ikadali m'manja. Atangoona nkhope ya amalume ake, anadziwa kuti nkhani yafika.

"Ndine galu ine? Ndizimva za ukwati wako pamzere wa ufa? Nonse munapangana! Iwe, bambo akowo, ndi Ashona akowo! Palibe amene amandiwerengera m'nyumba muno!"

"A malume, ndimafuna ndikuuzeni..."

"Khala chete! Ukwati umenewo kulibe. Ukangopita kwa Arnold ine ndili moyo, usadzapondenso pakhomo pano."

Glory sanalire. Mawu anatuluka owongoka. "Ngati ndi choncho, a malume, Loweruka madzulo ndingotizira. Ndipita kwa Arnold popanda mwambo uliwonse, ndipo pakhomo pano sindidzapondadi." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko mwakachetechete.

Munthu wina akanakhala pansi pamenepo. A Yoswa ayi. Analowa m'kashedi n'kutulutsa mpini wa piki, wamtengo wolimba, umene anausunga kuyambira nthawi ya ku ng'anjo. Mayi Rumbidzai anawagwira malaya, iwo n'kuwakutumula. Ankapita kwa a Frazer, ndipo sankapita kukacheza.

Pageti anakumana ndi mayi Noria, a nyumba yoyandikana nayo. Mayiwa makolo awo anachokera ku Tete, ndipo anali m'gulu la anthu ongodzipereka oyendera odwala m'makomo. Anamwino a kukiliniki anawaphunzitsanso za uphungu, moti ankadziwa kulankhula ndi munthu amene mtima wamuthawa. Anali wamfupi, wamawu okuluwika pang'ono, ndipo sankaopa mwamuna wokuwa.

"A Yoswa, mpiniwo ukupita kukalowa piki ya ndani?"

"Chokani, mayi Noria. Lero musandiuze zoti ndiugwire mtima."

"Sindikuuzani zimenezo. Ndamva zonse, mpandawu ndi wa waya. Zimene zachitikazo n'zopweteka, ndipo inenso zikanandipweteka. Koma nyumba ya a Frazer ilibe matayala, muipeza pomwepo. Ndipatseni mphindi khumi zokha. Zikatha, geti ndi ili."

Chimene chinawaimitsa a Yoswa n'chakuti mayiwa sanawatsutse. Anawatsatira monyinyirika mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala. Mayi Noria anatunga madzi a mumtsuko, ozizira bwino, n'kuthira m'beseni laling'ono.

"Madziwa ndawaimira pamzere, ndiye musawamenye theche. Ikani nkhope m'menemo. Mugwire mpweya pang'ono, kenako mudzuke."

"Aikona! Ndine mwana ine woti ndizisukusulidwa?"

"Mwana sanyamula mpini wa piki. Ikani."

Anaika. Kuzizirako kunawalowa mpaka m'mano. Atadzuka, mayi Noria anawauza kuti akoke mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, kuwerenga mpaka folo, kenako autulutse ndi pakamwa mpaka sikisi. Anabwereza kasanu, a Yoswa akung'ung'udza pakati. Koma mtima umene unkagunda ngati ng'oma unayamba kubwerera m'malo.

"Mkwiyo umayamba wagwira thupi," anatero mayi Noria. "Thupi likatentha, mutu sumva chilichonse, ngakhale abusa atabwera ndi Baibulo. N'chifukwa chake timayamba taziziritsa thupi. Inu munagwira ku ng'anjo zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi ziwiri."

"Chitsulo chikangotuluka, munkachigwira?"

"Ndani angachite zopusa zimenezo? Chimada kunja msanga, koma mkati muli moto. Umachisiya kaye."

"Ndiye inu mwada kunja kokha. Khalani pansi."

Anakhala pa njerwa, mpini uli pamiyendo. Mayi Noria anawafunsa kuti atchule chimene akumva mumtima, ndi dzina lake. A Yoswa anati ndi mkwiyo, basi. Mayiwo anafunsa ngati pansi pa mkwiyowo palibe china. Kenako a Yoswa, akuyang'ana pansi, anati ndi manyazi. Redson anawauza pamaso pa anthu, ndipo iwo anaoneka ngati chitsiru.

"Chabwino. Tsopano tisiyanitse zinthu. Chimene mwamva ndi makutu anu lero n'chiyani?"

"Kuti munyai anapita kwa Frazer. Kuti andinyoza poti ndine mubwidi wopanda ntchito."

"Imani pomwepo. A Redson ananena mawu akuti mubwidi?"

"Sananene, koma n'zodziwikiratu."

"A kwa Arnold munakumanapo nawo?"

"Ayi."

"Ndiye anthu amene simunawaonepo, inu mwalowa kale m'mitima mwawo n'kuwerenga zonse. Mwayamba liti uneneri, a Yoswa?"

Mayi Noria anafotokoza kuti mutu wa munthu wopwetekedwa uli ndi zizolowezi zake zoipa. Umalosera za mumtima mwa ena popanda umboni. Umakonda mawu akuti "nonse", "palibe" ndi "nthawi zonse". Umatenga chinthu chimodzi n'kuchikulitsa mpaka chidzaze nyumba.

"Mwakuwa kuti palibe amene amakuwerengerani. Mayi a Fortune, amene amakusungirani chakudya iwo atagona ndi njala, ali m'gulu lomwelo? Ganizo si umboni. Limabwera lokha, ndipo simungaliletse kubwera. Koma mungalifunse kuti, iwe, umboni wako uli kuti? Nanga palibe chifukwa china chimene munyai akanapitira kwa a Frazer?"

A Yoswa anakanda m'mutu. "Kwa Ashona... amagogoda kwa bambo."

"Ehe. Mwakhala nawo moyo wanu wonse, mukudziwa. Mwina anakunyozanidi, ine sindikudziwa. Inunso simukudziwa. Funso langa lomaliza ndi ili: Lamlungu m'mawa mukufuna mudzadzuke muli ndi chiyani?"

Yankho linatuluka lokha, mawu ali osasa. "Mwana wa Rosemary. Ndisamutaye."

"Mpiniwo ukupatsani zimenezo?"

Mphindi khumi zinali zitadutsa kalekale. A Yoswa anaimika mpini pampanda wa mayi Noria n'kubwerera kwawo chimanjamanja.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Masana onse mkwiyo unkabwera, kuchoka, n'kubweranso. Mayi Noria anali atawachenjeza kuti zidzatero, ndipo kuti ntchito yawo si kuuthamangitsa koma kuupirira osachita kanthu koipa mpaka utsike wokha. Ukabwera, a Yoswa ankapuma monga anaphunzitsidwa n'kunena chamumtima kuti, "Uwu ndi mkwiyo, ukwera kenako utsika." Utafika povuta, anatenga chidebe chija n'kupita kumjigo maulendo atatu. Amayi a pamzere anawaseka kuti lero kugwa mvula. Anabwerako thukuta lili kamukamu, n'kutula madzi pamaso pa akazi awo.

"Mayi a Fortune, ndinalakwa m'mawa muja."

"Munalakwadi," anatero mayi Rumbidzai, amene sankadziwa kunyengerera. "Koma amene muyenera kulankhula naye ali m'chipindamo, ndipo wayamba kulongedza."

Analankhula naye mawa lake m'mawa, atakhala pakhonde. Usiku wonse anali atakonza mawu oweruza, koma anawasiya n'kufunsa funso.

"Glory, n'chifukwa chiyani sunandiuze?"

Glory anayang'ana zala zake. "Ndinene zoona, a malume?"

"Nena."

"Ndimakuopani. Chitsekereni ng'anjo, m'nyumba muno timayenda monyang'ama. Wailesi munaiswa chifukwa magetsi anazima. Mbale munaponya chifukwa ndiwo zinalibe mafuta. Katatu ndinabwera kuti ndikuuzeni za Arnold, katatu konse ndinapeza nkhope ili gwa, ndinabwerera. A kwa Arnold atafunsa kuti bambo ako ali kuti, ndinangoloza kwa adadi. Ndinati adadi akuuzani okha. Iwo sanakuuzeni."

Mawuwo anawalasa kuposa a Redson aja. Kutentha kunayamba kukwera m'khosi, ndipo mutu unayamba kale kulankhula: mwana wosayamika, ndiye kuti zonse ndinachita zija n'zachabe. A Yoswa analizindikira ganizolo, poti linali ndi mawu aja akuti "zonse". Anaimirira.

"Ndidikire. Sindikuthawa, ndikubwera."

Anazungulira kuseri kwa nyumba, kupuma kasanu, n'kudzifunsa ngati Glory wanenadi kuti zonse n'zachabe. Sananene. Ananena kuti amaopa, ndipo wailesi yosweka inali ikadali pamwamba pa kabati. Anabwerera n'kukhala pansi.

"Zimene wanenazi n'zoona, ndipo zikundiwawa. Mawu aja oti usadzaponde pano ndawabweza. Loweruka ndipita nawe kwa bambo ako."

"Mukakachita phokoso kumeneko, a malume, ine ndidzachoka ndi Arnold tsiku lomwelo."

"Ndamva."

Loweruka m'nyumba ya a Frazer munadzaza. Alendo a ku Shurugwi anakhala mbali imodzi, zipewa zili m'manja, ndipo munyai wawo anali bambo wachikulire wodekha, dzina lake a Samueli. A Yoswa atalowa ndi jekete lawo la kutchalitchi, a Frazer anachita tsinya. Sanayembekezere kuti abwera, ndipo anasankha kuwalandira ndi lilime.

"Aa, alamu, mwabwera? Timayesa muli pamzere wa ufa. Khalani kumbuyoko, nkhani ino ndi ya bambo wa mwana."

Ena anaseka mwamanyazi. A Yoswa anamva makutu akulira, zibakera zikudzikunga zokha. Apa panalibe zongoganizira ayi, chipongwe chinali chenicheni, chonenedwa pamaso pa alendo. Kudzera pachitseko cha kukhitchini anaona Glory ataima, dzanja lili pakamwa.

"Pepani, ndipume kaye mphepo," anatero.

Panja anatsamira khoma. Analibe beseni, analibe mayi Noria. Anali ndi mphuno ndi pakamwa basi. Anapuma mpaka zala zinatambasuka. Anadziuza kuti Frazer wanyozadi, ndipo kukwiya n'koyenera, koma alendo aja sananene kanthu, ndipo iwo sanabwere chifukwa cha Frazer. Atalowanso sanakhale kumbuyo. Anakhala moyang'anana ndi munyai, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira Ashona.

"Bambo munyai, ine ndine Yoswa, malume wake wa Glory. Mayi ake atamwalira, mwanayu anakulira m'manja mwanga. Kwathu kwa Achewa, wofuna mkazi amayamba kwa malume. Nditamva kuti mwadutsa khomo langa, ndinapsa mtima kwambiri, ndipo sindibisa, ukadali kuwawa. Ndiye ndati ndifunse ndisanaweruze. Munkadziwa za ine?"

A Samueli anatembenukira anzawo, kenako a Frazer, kenako anayankha m'Chishona chofatsa, akuwatchula a Yoswa kuti sekuru, ndiko kuti malume. "Sekuru, tikhululukireni. Kwathu malume timamulemekeza, koma khomo logogoda ndi la bambo. Tinafunsa ngati pali wina woyenera kumuona, ndipo tinauzidwa kuti palibe. Tikanadziwa, sitikanayenda chonchi."

A Frazer anayamba kufunafuna chinachake m'thumba la malaya chimene munalibe. A Yoswa anaona kuti mpata wobwezera ndi umenewu, wotseguka bwino, ndipo lilime linayabwa. Anaulola kuti udutse.

"Frazer ndi bambo wa mwana, zimenezo sindikutsutsa. Za roora, malowolo aja, kambiranani naye monga mwa mwambo wanu. Ine changa n'chimodzi. Kwathu ukwati umakhala ndi nkhoswe, munthu amene banja limathamangirako zinthu zikavuta, kaya ndi matenda, kaya ndi mkangano. Ndikufuna mwana wa mlongo wanga akhale ndi nkhoswe. Koma asankhe yekha, poti ndi iye adzagogode pakhomopo."

A Samueli anagwedeza mutu, nati mwambo umenewo ndi wabwino, ndipo anapempha kuti mwana aitanidwe. Glory analowa n'kugwada pafupi ndi chitseko. A Yoswa anayang'ana pansi. Ankadziwa bwino kuti munthu amene anavomereza kuti amakuopa sakakamizidwa kukusankha, ndipo mtima unkagunda, osati ndi mkwiyo tsopano koma ndi mantha.

"Mwana wathu," anafunsa a Samueli, "m'nyumba mwako mukadzavuta, tidzathamangire kwa ndani?"

Glory anakweza maso. Anayang'ana bambo ake, kenako amalume ake, kwa nthawi imene a Yoswa anaiona ngati chaka.

"Lachinayi ndikanati sindikudziwa," anatero. "Koma lero ndaona ndi maso anga. Mudzapite kwa amalume."

A Yoswa, munthu amene anaima pamoto wa ng'anjo zaka makumi awiri ndi ziwiri osaphethira, anavundikira nkhope ndi chipewa pamaso pa alendo. Palibe amene anaseka.

Mkwiyo wawo sunathe tsiku limenelo, ndipo ufa sunabwerere m'masitolo chifukwa choti iwo aphunzira kupuma. Kwa miyezi ingapo ankapita kukiliniki Lachitatu lililonse kukaonana ndi mlangizi, ndipo ankanena poyera, osachita manyazi. Uthenga wa nkhaniyi ndi uwu. Kukwiya si tchimo, ndipo nthawi zina wakulakwirayo amakhala atalakwadi. Koma mtima ukatentha, yambani mwaziziritsa thupi musanalankhule kapena kukweza dzanja. Tchulani chimene mukumva. Siyanitsani zimene mwaona ndi kumva ndi zimene mutu wawonjezera, ndipo pamene simukudziwa, funsani. Ngati a m'nyumba mwanu ayamba kukuopani, musadikire kuti wina achoke kapena avulale. Pitani kwa mlangizi kapena kwa azaumoyo a m'dera lanu, mukapemphe thandizo.